Mwana akulira ndi metaphor, chonsecho mayi ake amaigulitsa pamsika

Inu amalonda a m'misika ya m'tauni, a ku Tsoka ndi ku Lizulu mu Lilongwe, a ku Limbe ndi ku Ndirande, kufikira a ku Zigwagwa ku Mzuzu, nkhani ya lero ndi yanu chifukwa ikukhudza thumba lanu. Ambiri mwa inu mumadzuka tambala asanalire kukapikula tomato, usipa kapena kaunjika, ndipo phindu lalikulu limathera ku sukulu ya ana. Zaka zinayi za sekondale si masewera. Tsono pamapeto pake mwana alemba mayeso a fomu 4, zotsatira zituluka, mumva kuti masamu wakhoza, zaulimi wakhoza, Chichewa wachita kuchikwapula, koma Chizungu wagwa. Malamulo a bungwe la mayeso la MANEB ngosanyengerera: wopeza 9 pa Chingerezi satifiketi ya MSCE alibe, ngakhale maphunziro enawo atakhoza motani. Mpamba wa zaka zinayi walowa m'madzi chifukwa cha phunziro limodzi.

Ndipo ogwa sakhala ochepa ayi. Mayeso a 2020, aja anabedwa mpaka kulembedwanso kachiwiri, ana amene anakhoza anali 41 okha pa 100 alionse. Zaka zotsatira zinthu zinasinthako, komabe okhoza ankangopitirira theka. Sikuti onse ogwawo anagwa ndi Chizungu, koma funsani mphunzitsi wa sekondale aliyense, akuuzani kuti phunziro limeneli ndi chipata chopapatiza. M'kati mwake muli chigawo cha literature, kumene ana amawerenga mabuku a nkhani, masewero ndi ndakatulo, ndipo n'kumene kuli mau owazunguza mitu aja: simile, metaphor, personification, hyperbole, irony, euphemism, pun ndi anzawo ena omveka ngati mayina a mankhwala a kuchipatala.

Ine ndikuti mau amenewa akuopseza ana pachabe. Zinthu zimene mayina amenewa akuimira inu mumazigwiritsa ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ena a inu mumaposa aphunzitsi ake.

Mwezi wathawu ndinali kwathu ku Dowa, pa Mtengowanthenga. Kwa amene simukudziwa, malowa ali pamsewu wa M1 ukamachoka ku Lilongwe kupita ku Kasungu, ukadutsa Lumbadzi usanafike pa Mponela. Pali chipatala cha mishoni, tchalitchi cha Katolika, ndi amalonda a m'mbali mwa msewu amene amadalira odikirira odwala komanso apaulendo. Mlongo wanga amagulitsa tomato ndi anyezi pamenepo, ndipo mwana wake wamkazi ali fomu 4 pa sekondale ina yoyendera ya m'deralo. Ndinamupeza atakhala kuseri kwa benchi la mayi ake, kope lili pamwendo, milomo ikuyenda ngati akunena korona. Ndinamupempha kopelo. Masamba awiri athunthu anali matanthauzo a mau aja, onse m'Chingerezi, olembedwa bwino ndi bolopeni ya buluu ndi yofiira.

Matanthauzowo anawatchula onse osapunthwa. Koma nditamuuza kuti andipatse chitsanzo chake cha simile, anandipatsa cha m'kope, chofanizira kuyera kwa chinthu ndi snow. Mwana wobadwira ku Dowa, snow anaiona kuti? Nditamufunsa chitsanzo china anangoti, "Atsibweni, izi n'zoloweza basi. Ukaloweza wakhoza, ukaiwala wagwa."

Nthawi yomweyo galimoto inaima, mayi ake n'kuthamanga ndi mbale ya tomato uku akukuwa: "Bwana tomato uyu ndi nyama yeniyeni, simufunanso ndiwo ina!" Imeneyo ndiye metaphor, yonse yathunthu, yotuluka m'kamwa mwa mayi amene sukulu analekezera sitandade 6. Mwana anaimva, ndipo amaimva tsiku lililonse, koma palibe anamuuzapo kuti chimene chili m'kopecho n'chimenechi.

Dzina lenileni la malowa

Tiyambe ndi dzina lomweli la Mtengowanthenga. Mau oti mtengo m'Chichewa ali pawiri: mtengo womera, wokhala ndi nthambi ndi masamba, komanso mtengo wa katundu umene inu mumakanganirana ndi makasitomala. Wamalonda akamva dzinali atha kuseka kuti, nanga nthenga za nkhuku zinayamba kugulitsidwa liti kuti zikhale ndi mtengo? Kusewera ndi liwu limodzi la matanthauzo awiri chonchi ndi kumene Azungu amakutcha pun. Shakespeare, amene ana akuwerenga masewero ake, ankazikonda zedi zoterezi, chifukwa ambiri mwa oonerera masewero ake mu London anali anthu wamba oimirira pansi, amisiri ndi amalonda, ofuna kuseka.

Simile ndi metaphor ndi pachibale, kusiyana kwake n'kochepa. Mukati "mbatata iyi ndi yotsekemera ngati uchi", mwayerekeza zinthu ziwiri ndipo mwaika liwu loti ngati pakati kuti womva adziwe kuti n'kuyerekeza chabe. Imeneyo ndi simile, ku Chichewa amati chifanifani kapena ntchedzero. Koma mukachotsa ngati uja n'kunena kuti "mayi, mbatata iyi ndi uchi", mwapanga metaphor. Ili ndi mphamvu kuposa inzake chifukwa siipempha chilolezo, imangolowa. Kajumbo kakang'ono ka ufa kaja munakatcha walkman, njala mumaitcha galu wakuda, munthu woumira mumati ali ndi mkono waufupi. Palibe amafunsa kuti galuyo ali ndi mchira wotani, aliyense amamva.

Liwu loti metaphor n'lochokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kunyamula chinthu kuchoka nacho pano kukachitula apo. Mpaka lero ku Greece magalimoto osamutsa katundu amalembedwa liwu lomweli. Ndiye kuti metaphor ndi kabaza wa mau: anyamula kukoma kwa uchi kukakutsitsa pa mbatata. Hyperbole nalonso n'la Chigiriki, kutanthauza kuponya mopyola pamene umafuna, ndiko kukokomeza kwathu kuja. Wa minibasi akamakuwa kuti watsala mmodzi pamene m'galimoto muli anthu atatu, limenelo ndi bodza wamba. Koma inu mukamati "lero ndafa ine, chikhalire sindinagulitse ngakhale kanthu" pamene mwagulitsa milu isanu ndipo mukupuma bwinobwino, imeneyo ndi hyperbole, chifukwa womva akudziwa kuti simunafe, mukungofuna amve kuwawa kwake.

Personification ndi kupatsa chinthu chopanda moyo makhalidwe a munthu. Malonda agona lero. Ndalama yathawa. Njala yalowa m'nyumba. Mvula yakana. Kodi malonda ali ndi mphasa? Rhetorical question ndi funso losafuna yankho, lija mumaponyera kasitomala wonenerera mopyola: "Nanga ine ana anga adye miyala?" Ndipo irony ndi kunena ichi ukutanthauza chosiyana nacho. Bwana watsika m'galimoto yonyezimira, akufuna mulu wa tomato pa theka la mtengo, inu n'kumuuza mwaulemu wonse kuti, "Tengani ulere bwana, ifetu tinangotola." Akakhala wochenjera amachita manyazi n'kulipira. Akakhala wogona amayamba kulongedza, pamenepo ndiye msika wonse umafa ndi phwete.

Pali zina zimene Chichewa chimachita kusiya Chingerezi kumbuyo kutali. Ana amaphunzitsidwa onomatopoeia, mau otsanzira phokoso, ndipo zitsanzo za m'Chingerezi n'zowerengeka. Ife tili ndi mvekero wosatha, ndipo wathu sutsanzira phokoso lokha, umajambula mtundu, kayendedwe ngakhale kukhala chete. Tomato wofiira psuu, ufa woyera mbee, makala akuda bii, msika uli zii, dengu ladzaza tho, mbale yagwa phwaa. Amaphunzitsidwanso alliteration, kubwereza lembo limodzi kumayambiriro kwa mau otsatizana, chinthu chimene mlakatuli wa Chingerezi amatuluka nacho thukuta. Ife galamala yathu imangotipatsa ulere: chipewa changa chachikulu chija chatayika. Mwana wa zaka zitatu amanena zimenezi osadziwa kuti kwina kwake zili ndi malikisi.

Nanga vuto lagona pati?

Mmene ndikuonera ine, vuto ndi khoma limene tinamanga pakati pa zilankhulo ziwirizi. Pasukulu imene ndinaphunzira ine, ukapezeka ukulankhula Chichewa unkavekedwa chikwangwani m'khosi mpaka utapeza mnzako womupatsira, ndipo wotsala nacho madzulo ankalima. Tinakula tikudziwa kuti nzeru zili m'Chizungu, za kwathu n'zakumudzi. Maganizo amenewa anachokera kumwamba. Dr Kamuzu Banda anakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, koma iye mwini pamisonkhano ankalankhula Chingerezi, wina n'kumatanthauzira. Sukulu yake ya Kamuzu Academy, imene anatsegula ku Mtunthama m'boma la Kasungu mu 1981, inaika patsogolo Chilatini ndi Chigiriki. Mu 1994 pulayimale itakhala yaulere, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kupyola 3 miliyoni m'chaka chimodzi, aphunzitsi ndi mabuku osakwanira. Mphunzitsi wokhala ndi kalasi lodzaza ndi mabuku ochepa achita bwanji? Alemba notsi pabolodi, ana akopera, aloweza.

Chodabwitsa n'chakuti mwana yemweyo, pasukulu yomweyo, belu likalira amalowa m'kalasi ya Chichewa n'kuphunzira zinthu zomwezi pansi pa mutu woti nsinjiro za chiyankhulo: zifanifani, zining'a, mikuluwiko, mvekero. Kumeneko amakhoza bwino ndithu. Koma m'mutu mwake zimenezi zimakhala m'thumba lina, za Chingerezi m'thumba linanso. Ndipo taonani dzinalo: nsinjiro. Aliyense wa ku Dowa, kumene mtedza umalimidwa kwambiri, akudziwa kusiyana kwa nkhwani wotendera ndi wongowiritsa ndi mchere. Amene anasankha dzinali anafotokoza phunziro lonse ndi liwu limodzi, ndipo liwulo palokha ndi metaphor.

Ndimadabwa kuti aphunzitsi awiriwa, wa Chichewa ndi wa Chingerezi, amamwera tiyi m'chipinda chimodzi koma sagwirizana kuti sabata imodzi aphunzitse mutuwu limodzi. Sizifuna ndalama za boma zimenezi, ngakhale choko chowonjezera.

Tisaganizenso kuti luso limeneli linabwera pa sitima. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba buku la Nthondo m'chilankhulo chathu chomwechi, ndipo mu 1933 linapambana pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London. Chaka chotsatira Cullen Young analitanthauzira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa, Azungu n'kumawerenga. Ntara yemweyo analembanso mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'boma lomwe lino la Dowa. Nthondo wakhala akuwerengedwa pa mayeso a Chichewa a MSCE m'zaka zaposachedwapa. Ndipo kale mabuku asanabwere, agogo athu ankaphunzitsa metaphor pamoto madzulo. Wina akati "Chilape!" ena "Nachize!", iye n'kuti nyumba yopanda khomo. Mwana woyankha kuti dzira wachita ntchito yomweyo imene MANEB ikufuna: waona chinthu chimodzi chitabisala m'chinzake.

Gule wamkulu, amene kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi ndi kwawo, ndipo bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2005, ali ndi chimene m'kalasi amachitcha satire, kudzudzula khalidwe loipa poseketsa. Chilombo chikatuluka ndi nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa, kapena chikamayenda motsanzira chidakwa kapena munthu wadama, anthu amaseka, koma mwini khalidwelo amadziwa kuti akunena iye.

Pamene mau obisa ankapulumutsa moyo

Achinyamata a lero aziona ngati zoseweretsa, koma akuluakulu mukukumbuka nthawi imene kulankhula molunjika kunkatengera munthu kundende. Makilomita ochepa kuchokera pa Mtengowanthenga pali Dzaleka. Lero ndi msasa wa anthu othawa kwawo, kuyambira 1994, koma kale inali ndende ya anthu omangidwa pa zandale, ndipo dzina lake likuchokera ku mau oti ndidzaleka, kulapa kwa munthu wolangidwa. Masiku amenewo anthu ankalankhula m'zining'a. Munthu akatengedwa usiku tinkati wapita kosaoneka, kapena tinkangoloza ndi mlomo. Boma nalo linali ndi mafanizo ake: otsutsa ankaopsezedwa kuti adzakhala nyama ya ng'ona, ndipo palibe ankafunsa ngati imeneyo inali metaphor kapena zenizeni.

Kuyambira 1968 kunali lamulo lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu, ndi bungwe lake loletsa. Bungweli linkaopa matanthauzo obisika kotero kuti ngakhale nyimbo ya Cecilia ya Simon ndi Garfunkel, oimba a ku America amene za Malawi sankaziganizira n'komwe, inaletsedwa chifukwa dzinalo linkafanana ndi la Mama Cecilia Kadzamira. Ku Chancellor College, alembi achinyamata anayambitsa gulu lawo mu 1970, ndipo anaphunzira kubisa zimene ankafuna kunena m'nthano za makolo ndi m'nyama zakutchire. Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene anthu amati n'chimene chinagumula Zomba mu 1946, n'kumalemba za icho, owerenga n'kumadzimvera okha kuti chinjoka chowononga dziko n'chiti. Jack Mapanje anatulutsa buku la ndakatulo la Of Chameleons and Gods mu 1981, ndipo bilimankhwe wa pamutu wa bukulo ndi mlakatuli mwini, wosintha mtundu kuti asaoneke. Bukulo linachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu mu 1985. Pa 25 September 1987 Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pakolejipo, anamangidwa ku Zomba n'kukatsekeredwa ku Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka May 1991. Zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, chifukwa cha zinthu zomwe zili m'kope la mphwanga zija.

N'chifukwa chake kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992 inagwedeza dziko. Inanena zinthu ndi mayina ake, popanda bilimankhwe, ndipo makutu athu anali ataiwala kamvekedwe ka mau otero. Koma pa riferendamu ya pa 14 June 1993 tinabwereranso ku zizindikiro, chimene m'kalasi amachitcha symbol: tambala wakuda kuimira chipani chimodzi, nyali kuimira matipate. Agogo osadziwa kuwerenga anamvetsa bwinobwino. Dziko lonse pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, pamene kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi ambiri anakhalabe ndi tambala. Mbali zonse ziwiri zinkanena za kuwala, ina kuwala kwa m'bandakucha, ina kuwala kwa usiku.

Ndipo chizindikiro chimenechi chili m'chikwama chanu cha m'chiuno panopa. Ndalama yathu, imene inalowa m'malo mwa paundi mu 1971, dzina lake ndi kwacha, mfuwu wa omenyera ufulu wotanthauza kuti usiku wa utsamunda watha. Timakobiri take ndi tambala, olira kulengeza kuti kunja kwacha. Lero ku Dzaleka komweko kumene anthu ankamangidwira mau, kumachitika chikondwerero cha Tumaini chimene anayambitsa mu 2014 mlakatuli wochokera ku Congo, Menes La Plume, ndipo ndakatulo zimalakatulidwa poyera m'zilankhulo zosiyanasiyana.

Chenjerani ndi mau otsekemera

Phunziroli lili ndi phindu lina kwa inu eni, ngakhale mulibe mwana pasukulu. Wodziwa mmene nsinjiro imathiridwira sapusitsidwa ndi ndiwo zowola zotendera. Tengani euphemism, kufewetsa mau owawa. Pamaliro ndi chinthu chabwino: timati atisiya, atsamira mkono, chifukwa mtima wa oferedwa sufuna mau okhadzula. Koma mau ofewa omwewo amabisa zoopsa. Mukukumbuka zaka zija Edzi tinkaitcha matenda a boma kapena kaliwondewonde, ndipo pamaliro tinkangoti anadwala nthawi yaitali? Tinaika anthu ambiri m'manda tisanayambe kuitchula dzina. Chiphuphu timachitcha kangachepe kapena ya fanta, ndipo chikatchulidwa choncho wopereka ndi wolandira onse amagona tulo tabwino. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, koma m'zikalata za akuluakulu a zachuma munali liwu la Chingerezi loti realignment, ngati kuti angowongola chinthu chimene chinapindika. Inu amene munapita kukaoda katundu sabata yotsatira mukudziwa chimene chinawongoka.

Agiriki akale anazilingalira kwambiri zimenezi. Ku Athens bwalo lalikulu la mzinda, lotchedwa agora, linali msika komanso malo okambirana za ndale ndi milandu, ndiye musadabwe kuti luso lokopa anthu ndi malonda n'zoyendera limodzi. Aristotle, zaka zoposa 2,300 zapitazo, analemba kuti wolankhula amakopa anthu m'njira zitatu: powachititsa kuti amukhulupirire iye mwini, pokhudza mitima yawo, kapena powapatsa mfundo zomveka. Mayina ake ndi ethos, pathos ndi logos. Inu mumagwiritsa zonse zitatu pa kasitomala mmodzi. Mumayamba ndi "ine ndi inu tinayamba kale, ndingakunamizeni?", zikakanika mubweretsa ana ogona ndi njala, zikakanikanso ndiye mumuwerengera: ndapikula mwakuti, thiransipoti mwakuti, chiphaso cha msika mwakuti, phindu langa ndi ili. Mwa zitatuzi, chachitatu chokha n'chimene kasitomala angathe kuchitsimikiza.

Tsono nthawi ya kampeni ikafika, mverani andale a chipani chilichonse ndi khutu lomwelo. Kubwereza mau amodzi kasanu mpaka anthu ayambe kuvomera, mafunso osafuna mayankho, kudzitcha mwana wanu kapena bambo wanu, kutcha mnzawo fisi kapena njoka, zonsezi zili m'kope la fomu 4. Sindikuti n'zoipa, msonkhano wopanda nsinjiro anthu angagone. Koma akatha kuvina ndi kukuwa, dikirani gawo lachitatu lija: msika wa denga mumanga ndi ndalama zochokera kuti, zingati, liti? Mukaona wokamba akubwerera ku mwambi m'malo moyankha, dziwani kuti m'dengu mulibe kanthu.

Mabuku amene ana akuwerenga

M'zaka zaposachedwapa ana a fomu 3 ndi 4 akhala akuwerenga Macbeth wa Shakespeare ndi The Pearl la John Steinbeck wa ku America, lotuluka mu 1947. Macbeth ndi nkhani ya msilikali wamkulu amene afiti anamulosera ufumu, iye ndi mkazi wake n'kupha mfumu Duncan ili mlendo m'nyumba mwawo. Pamene mfumuyo ikufika n'kumayamikira kukongola kwa nyumbayo, ife oonerera tikudziwa kale kuti mpeni wanoledwa. Chimenecho amachitcha dramatic irony: womvera akudziwa chimene mwini nkhani sakudziwa. Ndi chimodzimodzi kasitomala akamatama foni imene wagula motchipa pa depoti, inu nonse mukudziwa kuti m'katimo muli sopo.

Koma The Pearl ndiye buku lanu lenileni, ndipo ndikanakonda wamalonda aliyense atalimva. Kino ndi mmphawi wosambira pansi pa nyanja kufuna ngale. Mwana wake walumidwa ndi chinkhanira, dokotala wakana kumuona chifukwa alibe ndalama. Kenaka Kino apeza ngale yaikulu imene sinaonekepo. Apita nayo kwa ogula a m'tauni, amene amakhala m'maofesi osiyana ngati akupikisana, chonsecho onse ndi antchito a munthu mmodzi ndipo anapangana kale mtengo. Woyamba aipeputsa kuti ndi yaikulu mopyola, palibe angaigule, enawo avomereza. Mlimi wa fodya wa ku Dowa amene anaimapo pa okushoni ku Kanengo belo lake likubwezedwa, kapena wa soya amene anakumana ndi mavenda a masikelo atatu onena mtengo umodzi, safuna notsi kuti amve nkhani imeneyi. Ngaleyo ndi symbol: poyamba ikuimira sukulu ya mwana ndi ukwati wa kutchalitchi, pamapeto ikuimira umbombo ndi imfa. Mmene zinathera sindikuuzani, mufunse mwana wanu.

Ndipo kumufunsako ndiye thandizo limene mungapereke popanda kulipira aphunzitsi apadera. Madzulo mukamawerengera ndalama, muuzeni akufotokozereni m'Chichewa mutu umodzi wa bukulo, inu muzimufunsa ngati mmene mumafunsira wokupikulitsani katundu: chifukwa chiyani anatero, anapindulanji, ndani anamupusitsa? Akatchula liwu la Chizungu ngati irony, muuzeni akupatseni chitsanzo cha pamsika wanu womwewo, cha lero lomwe. Akalephera, ndiye kuti waloweza chabe. Pamayeso sikokwanira kutchula dzina la nsinjiro. Ayenera kuloza pamene ili m'ndimeyo, n'kufotokoza ntchito imene ikugwira pamenepo, kuti mlembi anaiikiranji. Ana ambiri amathera pa dzina, ndipo malikisi ochuluka ali pa kufotokozako.

Amene ana anu ali kumudzi ndi agogo awo, monga ambiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi amene makolo ali m'tauni, muwatumizire buku lawolawo ngati mungathe, ngakhale logwiritsidwa kale ntchito la pa benchi la mabuku. Kusukulu zambiri zoyendera buku limodzi amagawana ana angapo ndipo silipita kunyumba, moti mwana amafika tsiku la mayeso atawerenga notsi za bukulo, bukulo osalitsiriza. Oyesa mayeso amafunsa za m'buku, ndipo The Pearl lili ndi mitu isanu ndi umodzi yokha, mwana wakhama atha kulimaliza pa Loweruka ndi Lamulungu limodzi.